Geji ya alamu

Lachinayi. Tsiku londinyansa.

Geji ya muvi yoonetsa kutentha kwa injini ya galimoto yanga itafa, alamu anga a Fanuel anandiumiriza kuika ya manambala. "Za mivi n'zachikale, tsano," anatero, kunditcha mlamu m'Chishona. Ndinawamvera.

Lero masana ndinanyamula amayi kupita nawo kukiliniki ku Banket. Dzuwa linawomba pageji, manambala osaoneka n'komwe. Ndinangozindikira nthunzi ikufuka kuboneti. Amayi anakhala maola awiri pansi pa mtengo akutsokomola, ine ndikutunga madzi m'ngalande ya m'munda wa fodya. Tinafika atatseka kale.

Alamu akuti ndikanatchinga dzuwalo ndi dzanja. Nanga chiwongolero agwire ndani? Mawa ndikuizula gejiyo, ndikasake ya muvi. Koma amayi akutsokomolabe kuchipindaku, ndipo nesi sabweranso kukiliniki mpaka Lolemba...