Maziko pa mtumbira wa Chisomo

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi?

Kuno ku Kandeu tilipo. Kachewere wachita bwino chaka chino, koma chimanga cha kumtunda mbozi zatidyera. Mdzukulu wanu Tadala wachira kuchipatala cha ku Nzama, kwabadwa mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Zabwino zathera pomwepa, poti ndikulemba mtima ukuwawa.

Ana anu aamuna aja andikwana. Achimwene a Lameki, amene pano ali ndi mathiraki osawerengeka ku Lilongwe, anakumangirani chiliza cha mwala wakuda wonyezimira wochokera ku Joni. Tsiku lochivundukula anapha ng'ombe, nabwera ndi anzawo amasuti, ojambula ali pikitipikiti. Ine amene ndinkakusambitsani mukudwala anandiika kuseri kwa tenti, ati chitenje changa chiipitsa zithunzi.

Mng'ono wawo Gifti, uja wogulitsa mafuta a galimoto ku Blantyre, anzake atamuseka kuti mkulu wake wamuposa, sanagone tulo. Anatumiza amisiri kudzamanga nyumba pamwamba pa chilizacho: zipilala, matailosi, denga, magetsi a sola. Inu amene munamwalira mvula ikudonthera pa mphasa yanu, lero akufuna kukuyatsirani magetsi kumanda! Paja munkati, "Anyamata angawa ngakhale chimanga chootcha amayamba ayeza chachikulu n'cha ndani." Tinkaseka. Lero sindikuseka.

Malo anawachepera, Amayi. Kuti chipilala chimodzi chiime, anakumba maziko pa mtumbira wa Chisomo wanga, mwana uja munapempha nokha kuti mudzagone pambali pake. Mtanda wake ndinakautola patchire, atautaya ngati nkhuni.

Ndinamuimbira Gifti. Iye akuti, "Achemwali, musalire, nayenso ndimumangira chake, choposa cha a Lameki." Ndinati, "Chabwino, ulembapo dzina loti ndani?" Salidziwa, Amayi. Malume ake enieni!

M'mawa mwake ndinakalowa m'dzenje la mazikolo n'kukhala pansi. Ndinawauza amisiri kuti simentiyo athire pamutu panga. Amayi achibale a m'limana mwathu atamva anabwera, nakhala mozungulira dzenjelo. Dzuwa lisanafike paliwombo amisiri anakweza zida zawo n'kumapita. Dzenjelo tinalikwirira tokha, mtanda n'kuubwezera.

Tsopano ana anu awiriwo agwirizana, mwina koyamba chibadwire. Onse akuti ndawachititsa manyazi kwa anzawo, ndipo palibe amene akundiyankha foni. Akhale choncho. Galimoto zawo sizinakutengenipo kupita kuchipatala, sindiyamba kuzisowa lero.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Mwanayo mundigwirire dzanja, mumuuze kuti asaope phokoso analimva lija. Ndikulonjeza: ine ndili moyo, khasu la munthu silidzagwanso pamene wagonapo.

Ndine mwana wanu,
Esinati