Lilime Langa Linafa, Chonde Musandiulule

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuti bwanji? Ulendo watha munandiuza kuti akukana ndodo, ati ndi ya nkhalamba. Kuno tilipo, kungoti mtima wanga sukukhala pansi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo mwana wanu wamng'ono, uja timamuti Injiniya, akangomva kuti ndikulankhula ndi azakhali ake amandilanda foni. Nkhani iyi siyofunika makutu ake.

Chichokereni mlamu wanu kupita ku maphunziro a unamwino, khitchini ndi yanga. Ndinamulonjeza kuti ndikwanitsa. Ndinkati munthu amene amakhala tsiku lonse pa kauntala kusiyanitsa mabawuti ofanana m'shopu ya zipangizo za galimoto sangagonje ndi mphika wa nyemba. Ndikaweruka ndimadzera pamsika kugula kabichi, karoti, tomato, tsiku lina mazira, tsiku lina nsomba. Ndimaphika monga anandisonyezera: mafuta pang'ono, mchere pang'ono, masamba asapsetse. Ndinkawapakulira ana nkuwasiya pakhonde, ine nkubwerera kukatsuka miphika madzi asanasiye pampopi. Mbale zinkabwera zoyera ngati zatsukidwa kale. Ndinafika podzitama kuntchito kuti akazi amangokokomeza, kulera ana nkosavuta.

Mwezi watha ndinapita naye Injiniya ku sikelo. Namwino anamukweza, nayang'ana, namutsitsa, namukwezanso. Kenako anandifunsa kuti mayi ake a mwanayu ali kuti, ndi mawu aja ofunsira munthu amene wapezeka ndi mbuzi ya eni. Mwana watsika m'malo mokwera.

Madzulo ake mlamu wanu anaimba foni ya kanema nauza mwana kuti avule malaya. Nthiti zinali pamtunda. Sanakalipe, mukumudziwa. Anangonena mofatsa kuti sikelo ya kumapeto kwa mwezi uno ikapanda kukwera, ana onse awiri apita kwa mayi ake mpaka iye atamaliza sukulu. Apongozi sindidana nawo, ndipo kuphika amatha. Koma kwawo ndi kutali, achemwali. Ndikaweruka ndizidzalonjeredwa ndi yani, sitovu? Usiku ndimatembenuka pabedi mpaka matabwa ake akudandaula.

Chimene chinkandizunguza mutu ndi mbale zoyera zija. Yankho anandipatsa ndi a landilodi mosadziwa. Anandiimitsa pageti kundionetsa galu wawo, uja kale munkatha kumuwerenga mafupa ali chigonere. Tsopano wanenepa, ubweya uli phethiphethi. Iwo ati ndi mankhwala a njoka zam'mimba amene anagula kwa mnzawo. Ndinayang'ana galu, ndinayang'ana mwana wanga.

Mawa lake nditawapakulira ndinabisala kuseri kwa katani. Injiniya anakumba mpunga woyera wa pakati, masipuni ochepa chabe, kenako anatsetsereza mbale kunsi kwa chitsulo cha khonde. Galu anali atakhala kale pamenepo mwaulemu ngati kasitomala wakalekale. Nyemba, karoti, dzira lathunthu, zonse zinalowa, nkunyambitanso mbale. Mkulu wake, Loya wathu uja, ndiye anali mlonda woyang'ana kukhomo. Achemwali, miyezi yonseyi ndakhala ndikuphikira galu wa eni ake chakudya cha magulu onse.

Ndinayamba ndi kukalipa. Injiniya analandira sipuni ya nyemba, naisunga m'tsaya mpaka nthawi yosamba. Mayi a telala oyandikana nafe anandilangiza kuti ndizipala karoti tizidutswa ting'onoting'ono nkubisa mumpunga. Iwo sadziwa kuti mwana ameneyu anamasula wailesi yanga ndi mchira wa sipuni. Anatola kachidutswa kalikonse nkukandandalika m'mphepete mwa tebulo ngati asilikali.

Mnzanga wa pa kauntala ati ndikuvutikiranji, ndingomugulira tchipisi, soseji ndi zakumwa zotsekemera, sikelo ikwera yokha. Ana ake ndimawadziwa, ndi ozungulira ngati matayala koma mano anatha. Komabe sindikubisirani, tsiku lina ndinaima nthawi yaitali pafupi ndi chiwaya cha tchipisi, dzanja lili m'thumba. Chinandibweza nchakuti mlamu wanu akafunsa zimene mwana akudya, Loya amayankha zonse mpaka ndi mafuta omwe.

Loya yemweyo ndiye anandipulumutsa, ngakhale sanachite mwachifundo. Tikutsuka mbale anandiuza kuti iye sakumvetsa vuto langa, chifukwa patchuthi kwa azakhali mng'ono wake ankadya chilichonse mpaka mimba kuti ndi. Nditafunsa kuti zinkatheka bwanji, anati inu munadwala chimfine ndipo lilime lanu linafa, simunkamva mchere. Ndiye munkamuimika Injiniya pa ndowa pafupi ndi mphika kuti azikulawirani.

Achemwali, ndakudziwani kuyambira ndili kumsana. Inu mumadziwa kuti mphika wachepa mchere muli panja mukuyanika zovala. Chimfine chimenecho ndikuchikayikira kwambiri. Koma ndakugwadirani, ndipo nzeru yanu ndaiba.

Ndinalengeza m'nyumba kuti lilime langa lafa, ndipo ndi matenda a kumtundu, omwe aja a azakhali. Injiniya sanavomere msanga. Anatenga tochi, nandilamula kuti ndiyasamule, naunika mbali zonse. Pomaliza anagamula kuti likuonekadi lotuwa, ndipo ntchito anailandira.

Tsopano madzulo alionse amakwera pa ndowa yovundikira, patali ndi moto, ali ndi sipuni yake ndi kambale kake. Ndimamupungulira, amauzira, amalawa, amakwinya nkhope ngati bwana wanga akamayang'ana sipeya yobwezedwa, kenako amalamula kuti ndiwonjezere mchere. Ine ndimapisa zala m'chitini, kutsina mphepo, kuwaza mphepo yomweyo mumphika, nkutakasa mwamphamvu. Amalawanso. Ati zayandikira koma sizinafike. Pofika nthawi yoti avomereze, theka la mbale ya nyemba lili m'mimba.

Chodabwitsa nchakuti patebulo amadyanso. Masiku ano timadyera limodzi m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo iye sangalole kuti chakudya chimene wakonza yekha chinyozeke. Dzana anakalipira mkulu wake kuti asasiye dzungu lake m'mbale, anavutika nalo. Ntchito yakula. Ndiye amatsuka tomato, amaswa mazira, amakanya mapeyala ndi foloko. Zikhokho za mazira timadya nazo, sindidandaula. Kabichi yekha ndiye tikadali kukambirana, ati amanunkha ngati nsapato za a landilodi. Kuphika kwanga sikunasinthe ngakhale pang'ono, koma paja amati ukaipa nkhope dziwa nyimbo.

Musaganize kuti zonsezi ndikuzipeza mwaulere. Loya anandizindikira tsiku loyamba lomwe. M'mawa mwake anandibweretsera tiyi wopanda shuga, nanena mwaulemu wonse kuti poti lilime la adadi linafa, kuwathirira shuga nkuwononga. Mpunga wopserera wa pansi pa mphika nawonso ndi wanga, ati ine sindingamve kuwawa kwake. Ndimameza zonse nkhope ili gwa, chifukwa Injiniya amakhala akundiyang'anitsitsa pakamwa. Mwana wamkazi ameneyu akadzakula ndikumvera chisoni amene adzatsutsane naye.

Vuto linagwa Lamulungu lapitali. Mayi a telala anatipatsa nsomba yawo kuti tilaweko, osanena kuti athiramo tsabola wa ukali. Nditaluma ndinalumpha, misozi ili chuchuchu, ndikufuula madzi. Injiniya anaika sipuni pansi nandifunsa kuti lilime lakufa limamva bwanji tsabola. Ndinati tsabola samveka ndi lilime, amamveka ndi maso. Loya anatsamwa ndi kuseka. Mng'ono wake sanaseke. Anati nkhani imeneyi akafunsa azakhali, chifukwa azakhali sanama.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, achemwali. Akakuimbirani, musandiulule. Muuzeni kuti matendawa alipodi kumtundu kwathu, amagwira akuluakulu okhaokha, ndipo amachedwa kuchoka. Za tsabola munene zomwezo za maso, kuti mawu athu asasiyane. Alamu muwauziretu. Koma makamaka amayi, poti iwo amanena zoona ngakhale asanafunsidwe. Akangogwira foni ndi kunena kuti mwana wawo anabadwa ndi lilime lakuthwa, ndowa ija itsala yopanda munthu, ndipo ana anga akwera basi. Mlamu wanu ndimuuza ndekha tikachoka ku sikelo. Mwanayo akadzakula ndidzamupepesa, tidzapepese tonse awiri poti munayamba ndinu.

Mmene sikelo idzanenere sindikudziwa. M'mawa ulionse ndimamunyamula ngati tikusewera, koma manja si sikelo. Lero amalemera, mawa amapepuka, malinga ndi mmene ndagonera. Kuntchito ndayamba kupatsa anthu mabawuti olakwika. Kabudula wake ndimamuyang'ana m'chiuno ngati akuyamba kugwira, ndiye ndimakumbuka kuti mwina wangofota pochapa.

Chizindikiro chimodzi chokha ndicho ndikudalira. Dzulo a landilodi anandiimitsanso pageti, nkhope ili yakugwa. Ati galu wawo wayamba kuwonda, nthiti zikuonekanso, ndipo mnzawo uja anawagulitsa mankhwala achinyengo. Ndinawapepesa kwambiri, ndinapukusa mutu nawo limodzi. Koma kunena zoona, chichokereni mlamu wanu sindinamvepo uthenga wokoma ngati umenewu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndodo si manyazi. Moni kwa alamu, kwa amalume, kwa mng'ono wathu ndi mkazi wake, ndi kwa ana onse. Loya akupereka moni, ati mumutumizire njira yophikira dzungu lija kuti adadi asamalithire madzi ambiri. Injiniya ati mukonzeke, ali ndi funso.

Tsalani bwino, ndipo foni ikalira muyankhe muli nokha.

Ndine mlongo wanu wa lilime lakufa,
Bambo a Injiniya