Suti ya Malemu Mwaba

Matero, Lusaka

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Matero. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Katete? Nanga mwendo uja unaleka kutupa? Ine m'thupi ndilipo, Tiza mdzukulu wanu alinso bwino, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni sindingathe kulankhula. M'nyumba muno mwadzaza achibale a malemu amuna anga, ndipo foni ikangolira makutu onse amatembenukira kwa ine. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene akubwera kumeneko pa basi.

Pamene munkabwerera kumudzi titaika maliro a Mwaba, ndinakuuzani kuti zonse zitha msanga. Amayi, sizinathe. Mpaka lero sanandimasule, ndipo chimene chandimanga ndi suti.

Mukudziwa kuti anzathu a Chibembawa ali ndi mwambo wawo. Zovala za malemu zimachapidwa, kenako amazigawa pamaso pa abale. Akatero amapaka wamasiye ufa woyera pamphumi ndi kumumanga mkanda woyera pamkono, basi wamasuka. Zisanachitike zimenezo ine sindiloledwa kupita kumsika, sindipatsa munthu moni wa m'manja, ngakhale mphika sindiukhudza. Ndimangokhala pamphasa pakona ngati katundu wodikira mwini wake.

Suti yake ija yakuda mukuikumbukira, ya paukwati wathu. Anaitola pa salaula, pogulitsira zovala zovalidwa kale paja, koma ankaisamala ngati dzira. Mkati mwa jekete munasokedwa kansalu kolembedwa Chingerezi, koletsa kuichapa ndi madzi. Ikada ankapita nayo yekha ku dirayikilina m'tauni, kumene amachapa ndi mankhwala m'makina. Ine zaka zonsezi sanandilole ngakhale kuipukuta ndi kansalu konyowa. Mvula ikamupeza pochokera kutchalitchi, ankavula jekete n'kulipinda m'khwapa, iye n'kumanyowa.

Tsiku lochapa litafika ndinagwada pamaso pa apongozi. Ndinawaonetsa kansalu kaja, n'kuwapempha kuti suti yokhayo ipite ku dirayikilina. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati chovala cha munthu wakufa sichituluka pakhomo chisanagawidwe, ndipo sangalole anthu osawadziwa agwire thukuta la mwana wawo. Anatinso kansalu ka azungu sikangalamule pamaliro a kwawo.

Ndinati chabwino, ndiloleni ndiichape ndi madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osaifikisa, osaifinya, ndiiyanike pamthunzi. Mnansi wathu Tiza wamkulu, uja tinamutchulira mwana, ndi amene anandilangiza choncho, poti amagwira ntchito m'nyumba za mabwana. Apongozi anakananso. Anali atawiritsa kale masamba awo mumphika waukulu, ati zovala zonse zilowe m'madzi amenewo akadali otentha kuti imfa ichoke. Anathira okha m'beseni, nthunzi ili tolotolo, n'kuima pambali panga mpaka ndinaviika. Fupa lokakamiza limaswa mphika, Amayi. Ndinkamva m'manja mwangamu nsalu ikuuma gwa, koma ndikanatani?

Itauma, mayo ine! Manja a jekete anafupika. Pachifuwa panatuluka matuza ngati khungu la chule, nsalu yoterera ya mkati ikulendewera kunsi. Thalauza ndiye musanene. Ndinayesa kusita poyala kansalu pamwamba, ndinayesa kukoka, koma ayi ndithu.

Pa tsiku logawa, sutiyo inapatsidwa kwa alamu anga ba Kangwa, mng'ono wa malemu, amene anasankhidwa kulowa dzina la mkulu wawo. Mwambo umati aivale pomwepo anthu akuona. Ba Kangwa ndi munthu wathupi. Atalowetsa mikono, jekete linathera m'zigongono, mabatani osakumana. Mtsikana wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaseka, ndipo ena anatsatira. Kuseka pamwambo wa maliro!

Ba Kangwa anavula n'kuliponya pamapazi anga. Anati ndachita dala. Akuti ine Mchewa wouma mtima sindinafune kuti iwo alowe m'malo mwa mkulu wawo, ndiye ndawononga suti kuti ndiwachititse manyazi pagulu. Ananenetsa kuti ufa uja sundikhudza pamphumi mpaka abale anga abwere kudzayankha mlandu. Ndinayang'ana apongozi kuti anene zoona, kuti madzi otentha anathira ndi iwo. Anangowerama n'kumakonza chitenje chawo. Mpaka lero sanatsegule pakamwa, ndipo timagona chipinda chimodzi.

Ndikudziwa kuti nawonso akulira mwana wawo, ndipo akuopa ba Kangwa amene tsopano ndiye mutu wa banja. Koma zikundiwawa, Amayi. Ine ndingawononge dala chovala chimene mwamuna wanga anandikwatira atavala? Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanachisunga m'sutikesi osachichapa n'komwe, kuti fungo lake likhalemo. Tsopano chimangonunkha masamba owiritsa.

Mavuto ena ndi awa. Tebulo langa la tomato ku msika wa Lilanda langokhala, ndipo ndamva kuti mayi wina wayamba kuyalapo nsomba za kapenta. Akuluakulu a msika sadikira munthu mpaka kalekale. Koma chimene chikundidya kwambiri ndi Tiza. Sakumvetsa chifukwa chake sindikumuphikira. Azakhali ake akamupatsa mbale amaikankha, n'kubwera kudzandikoka chitenje kuti ndipite kukhitchini. Dzulo anandifunsa ngati ndakwiya naye. Wayamba kuonda, ndikumuona ndi maso angawa.

Ndinaganizapo zongonyamula mwana n'kukwera basi. Koma mukudziwa mmene anthu amachitira ndi mkazi wothawa asanamasulidwe. Aliyense amene angadwale, kuno kapena kwathuko, adzati ndayenda ndi imfa ya Mwaba. Ngakhale inu anthu angayambe kuopa kudya pakhomo panu.

Pempho langa ndi limodzi. Chonde tumizani amalume a Chabwera abwere msanga. Koma muwakhazike pansi kaye, chifukwa ndimawadziwa, akamva nkhaniyi adzafika ndi moto kudzatsutsa. Muwauze kuti asadzatchule za madzi otentha, asadzaloze apongozi chala. Akangotero, ba Kangwa adzauma khosi ndipo ine ndidzakalambira pamphasa pano. Adzangogwada n'kunena kuti mwana wathu analakwa, mukhululukireni. Inenso ndidzagwada pambali pawo n'kuvomera kuti ndinachita dala.

Munandilera kuti ndisamaname, Amayi, ndipo bodza limeneli lidzandikhala pakhosi moyo wanga wonse. Koma inu nokha dziwani kuti si zoona. Ndikungofuna ndimuphikire mwana wanga phala ndi manja anga.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achemwali anga ndi ana, kwa azakhali a kutsidya, ndi kwa amayi a chigwirizano amene anabwera kudzandilira. Tiza akuti agogo abwere ndi mtedza. Mundikumbukire m'mapemphero.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Mainess