Mabowo Asanu pa Ekizozi

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa alamu anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi akunyumba ndi ana. Kuno tikudzuka, kungoti pali nkhani imene yandizunguza mutu, ndipo poti inu mumadziwa za mainjini, ndati ndikufunseni.

Ndi za makina odulira mitengo aja munawatumizira akulu anu. Awaboola makinawo. Pa ekizozi, kabokosi kaja kotulutsa utsi, panali bowo limodzi lochokera kufakitale. Loweruka ndikusesa m'shedi ndinapeza atatu. Dzulo ndinawerenga asanu, ndipo ndinabwereza nditavala magalasi.

Nditawafunsa akulu anuwo anati, "Aphunzitsi, injini ili ngati munthu, imafuna kupuma. Utsi ukamatuluka msanga siitentha, mphamvu zimachuluka."

Ndinati, "Nanga amene anaipanga sankadziwa kuboola?"

Anati, "Amenewo sanagwetsepo mtengo."

Sindinakhutire. Ndinapita kwa makaniki uja timamutcha Girizi. Iye anati mabowo awiri amathandizadi, bola munthu akonzenso kabureta kuti mafuta azilowa ochulukirapo, apo ayi injini imauma n'kupsa. Nditati ndi asanu, anaika sipanala pansi. "Mayi, amenewo si a mphamvunso ayi. Madala akufuna kudzutsa akufa?" Akuti anawauza kale zimenezi, iwo n'kuyankha kuti akudziwa, angowakonzera kabureta basi. Ndiye ngati akudziwa, akubooleranji? Apa ndi pamene masamu anga akukanira.

Mayi woyandikana nafe akuti nkhuku zake zasiya kuikira chifukwa cha phokoso. Ine ndikuona kuti akuwonjeza, pakuti kwa ine makinawo akungolira monga ankalirira ali atsopano.

Mukudziwa kuti chidwalireni mtima, adokotala anawaletsa akulu anu kugwira ntchito okha, koma anakana. Tinagwirizana kuti akakhala kumunda wa mitengo kuseri kwa chitunda, ine ndizikhala pakhonde ndi zosoka zanga n'kumamvetsera. Makina akamalira ndiye kuti ali bwino. Kukati zii nthawi yaitali, ndizipitako.

Mwezi watha ndinapitako kawiri, ndikuthamanga ndi bondo langali, mapiritsi awo ali m'manja. Maulendo onse awiri ndinawapeza akudula, utuchi uli mbuu. Ndinawauza kuti mphepo ndiyo inkapita nalo kwina phokosolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Eya, mphepo ya chaka chino ndi yovuta." Wailesi nayonso ikulankhulira pansipansi masiku ano, mwina ndi mabatire. Belu la pachipata linafa, ngakhale iwo akulimbikira kuti likulira.

Atangoboola atatu aja, Lolemba pobwera anandifunsa ngati ndinawamva. Ndinati pang'ono, chapatali. Anangosamba m'manja. M'mawa mwake mabowo asanu. Sindikudziwa ngati ziwirizi zikugwirizana. Ndayesa kuziika pamodzi, ndayesanso kuzilekanitsa, ndipo yankho limene likutuluka sindikulikonda.

Pempho langa lili pawiri. Choyamba, mundiuze mosabisa ngati mabowo asanu angaphe makinawo. Ndi mphatso yanu, sindifuna muganize kuti sitikuisamala. Chachiwiri, ngati kumeneko zimapezeka zovala m'makutu zija amavala ogwira ntchito m'mafakitale, mutitumizire. Akulu anu akabwera kumunda akumati m'makutu mwawo muli nyenje, ndipo dzulo ndinawaitana katatu kuti adzadye. Tikagontha tonse awiri, adzamve mnzake ndani?

Mupereke moni kwa mayi akunyumba, kwa ana, ndi kwa kamdzukulu kaja sindinakaone. Akulu anu akanapereka moni wawo, koma sakudziwa kuti ndikulemba. Mukamawayankha pa zina, za kutseka mabowo musatchule. Pamene ndikumaliza kalatayi ali kuseri kwa chitunda, agwetsa mitengo iwiri, ayamba wachitatu. Ndikuwamva.

Ndine mlamu wanu.