Waya Wachikhumi

Lachinayi, 10 Ogasiti 2006

Tsiku la 37 chimwalirire amuna anga, a Idrissa. Mphepo, fumbi Kawale yense. Ine pakhomo pokhapokha: eda, nthawi yobindikira ya mkazi wamasiye, ikadalipo. Lero ndasesa m'shedi mwawo koyamba. Zidebe zosamaliza, lumo la malata, fungo la mtovu. Kudenga mapulaneti awo aja: dzuwa la chitini cha mafuta, timipira tamalata tisanu ndi tinayi, kalikonse pa waya wake. Waya wachikhumi, wautali kuposa onse, wopanda kanthu. Anausiya dala.

Ndinayambitsa ndine, ndi magazini a ku laibulale. Ine kuwerenga mokweza, iwo kukhoma. Akatswiri ena amaganiza kuti kuseri kwa Pluto, kutali, mwina kuli pulaneti lina lomwe palibe analionapo. Amangoona tinthu tina kumeneko tikuyenda mokhota, ngati china chake chikutikoka. A Idrissa anaika nyundo pansi. "Ndiye tilisungire malo, mayi a Zulaikha. Mlendo asadzapeze mipando yatha."

Lamulungu, 13 Ogasiti

Sadaka ya arobaini, tsiku la 40. Mpunga, mapemphero, anthu mpaka kumsewu. Zovala zagawidwa. Zida zonse kwa a Fahad, mng'ono wawo, nawonso okhoma zidebe ku Chilinde. Mapulaneti andisiyira. Koma a Fahad anaima nthawi yaitali, maso kudenga.

Lachitatu, 16 Ogasiti

Masana, ndikutsuka mbale, kukhoma m'shedi. Mbale inandipulumuka. Zaka 26 ndakhala ndikumva phokoso limenelo.

A Fahad. Awotcherera kampira pa waya wachikhumi. Kosalala bwino, penti yobiriwira. "Alamu, achimwene sanamalize. Ndawamalizira." Maso ofiira. Ndathokoza. Ndikanatani?

Loweruka, 19 Ogasiti

M'shedi sindikulowamo. Mwadzaza. Kuwauza a Fahad ndi kuwalanda chokhacho chomwe achitira mkulu wawo. Kukhala chete ndi kuwatsekera a Idrissa chitseko. Buku lili pamiyendo, tsamba lomwelija chiyambire dzana.

Lachisanu, 25 Ogasiti

Pa wailesi: akatswiri agwirizana, Pluto salinso pa mndandanda wa mapulaneti. Atsala asanu ndi atatu. Ndaseka ndekha, koyamba. A Idrissa akanakhalapo akanati am'chotsa ntchito popanda penshoni.

Loweruka, 26 Ogasiti

A Fahad m'mamawa, pulayala m'thumba. "Alamu, mwamva? Akuti lakumapeto lija si pulaneti! Ine kuvutika kupenta, anthu ophunzira kungosintha maganizo ngati nyengo." Anakwera pampando, n'kubudula kakumapeto. Kawo komwe, kobiriwira kaja. Pluto akadali pomwepo pa waya wachisanu ndi chinayi, kachitini ka phwetekere, osakhudzidwa.

Zaka 22 ndili mphunzitsi, sindinalekererepo yankho lolakwa. Lero ndangoti, "Mwachita bwino, alamu. Tiyi ali pamoto."

Kampira apita nako. Akuti akapachika pa benchi yawo.

Atachoka ndakhala m'shedi mpaka adhana ya masana itamveka kumzikiti. Waya uja ukugwedera pang'ono, osaleka. Mwina ndi mphepo.

Malo alipo, bambo a Zulaikha.