Khadi langa likuti ndili ndi pakati

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 31, wa ana atatu, ndipo ndimakhala m'dera la Kawinga kuno ku Machinga. Amuna anga, a Usumani, ali ku Joni, chino ndi chaka chachiwiri asanabwereko. Mayina ndalemba munowa si enieni, koma nkhaniyi ndi yoona, Mulungu ndi mboni. Ndadzimanga ndekha ndipo pomasulira sindikupaona.

Chaka chatha pachipatala chathu chaching'ono anabweretsa makadi. Kale tinkayenda ndi mabuku aja, ena onyowa ndi mvula, ena odyedwa ndi chiswe. Tsopano aliyense ali ndi kakhadi kolimba, kolembedwa dzina ndi nambala basi, chithunzi palibe. Ukalowa kwa adokotala sulankhula zambiri. Umangoyandikiza khadilo pa kamakina kali patebulo, kamalira kuti tii, ndiye mbiri yako yonse yatulukira pakompyuta. Poyamba anthu ankaopa, ena ankati n'za satana, mpaka ashehe athu anapita kukagunditsa lawo anthu akuona. Ineyo ndinalikonda, chifukwa mzere unayamba kuyenda msanga.

Ndili ndi mng'ono wanga, Rukiya, wa zaka 19. Amayi anatisiya iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndamulera ndine. Munthu wina wogula nandolo anamunamiza ukwati, n'kumupatsa pakati. Nandolo atatha nayenso anatha, foni yake mpaka lero siilira.

Kwathu kuno mayi akamayamba sikelo amauzidwa kuti abwere ndi mwamuna wake, wopanda mwamuna akatenge kalata kwa amfumu. Mukudziwa inu, Aphungu, kuti kalata yotereyi ukaitenga m'mawa, pofika masana mudzi wonse wamva. Amalume athu, a Sufiyani, ndi amene amaitanira anthu kumapemphero pamzikiti wathu, munthu wolemekezeka. Rukiya anagwada n'kundigwira miyendo, akulira. Anati, "Achemwali, bola ndife nayo mimbayi kusiyana n'kuti amalume amve. Lumbirani kuti simuuza munthu." Ndinalumbira.

Kenako ndinakumbukira kuti pa khadi langa analemba kale kuti amuna anga amagwira ntchito kunja, choncho ine sandifunsa za mwamuna. Ine ndi Rukiya timabwerekana chilichonse, zitenje, mipango, nsapato. Ngakhale buku la kuchipatala kalelo, wina akataya lake ankatenga la mnzake, palibe chinkachitika. Nkhope timafanananso, ndipo anamwino a kusikelo ndi achilendo. Ndinangomuuza kuti, "Tenga, ukakhale ine." Anapita katatu, katatu konse kamakina kanamulandira. Ndinkadziona ngati wochenjera.

Mwezi watha malungo anandigwetsa. Apongozi anga anamva, anabwera kuchokera kumudzi kwawo n'kundiperekeza pa kabaza. Khadi ndinangolitenga kwa Rukiya osaganiza kanthu, mutu unali ukuwira. Tinalowa tonse, ndinagunditsa. Adokotala anayang'ana pakompyuta, kenako anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Amayi, mimba ya miyezi isanu ndi umodzi mukukhala ndi malungo kunyumba? Ndiponso ulendo watha magazi anu ankathamanga kwambiri, tinati mubwerenso pakatha sabata ziwiri. Munali kuti?"

Aphungu, ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinati, "Iyayi, makinawo alakwitsa, ine ndilibe pakati." Kunja mzere unali wautali, choncho sanalimbane nane. Anandiyeza malungo, anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndikachira ndikaonane ndi a kusikelo akonze. Apongozi anandiperekeza mpaka kunyumba. Pakhomo anangoti, "Muchire," ngakhale madzi anakana kumwa.

Tsopano mbiri yafala yoti ndinatenga mimba ya mwamuna wina ndipo ndinaichotsa, n'chifukwa chake ndinadwala. Ndikafika pamjigo amayi amasiya kulankhula. A Usumani ananditumizira mawu pafoni, osapereka ngakhale moni. Anati, "Ndikubwera mwezi wamawa, ankhoswe akonzeke. Khadilo ulisunge, ndidzaliwerenga ndekha." Ali ndi foni yamakono, akuti kumeneko amangoigunditsa m'sitolo n'kutenga katundu.

Rukiya chichitikireni izi sakutuluka m'nyumba, ndipo kusikelo wasiya. Amavala madiresi anga akuluakulu. Ndikayamba nkhaniyi amangoti, "Munalumbira, achemwali." Masiku ano mapazi amutupa moti patapata sakulowa, mutu sukumuleka, dzana anati akuona ngati tinyenyezi m'maso. Ine ndikuganiza kuti ndi maganizo, chifukwa sakudyanso bwino.

Ndaganiza zothyola khadili n'kuliponya m'chimbudzi, ndikanene kuti latayika, andipatse latsopano loyera. Kodi ndikatero zolembedwazo zithera pomwepo? Kodi foni ya amuna anga ingaliwerengedi? Nanga ndiswe lumbiro ndipulumutse banja langa, kapena ndikhale chete ndimuteteze mwana amene ndinasiyiridwa ndi amayi? Ndimawakonda amuna anga, sindinawalakwire ngakhale kamodzi. Ndithandizeni, ndatha nzeru.

H.S., Ntaja

Mayi H.S.,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamzere, ndipo ndiyambira pamene inu mwapalemba ngati pongodutsa. Za khadi zidikire kaye. Mutengeni Rukiya mupite naye kuchipatala lero, osati Lolemba, osati akavomera bwinobwino. Mayi woyembekezera amene anamupeza kale kuti magazi akuthamanga, tsopano watupa mapazi, mutu sukuleka, akuona tinyenyezi, amenewo si maganizo ayi. Ndinawawerengera kalata yanu anzanga a Martina, azamba opuma a ku Utale kwathu ku Balaka, amene abereketsa amayi kwa zaka makumi atatu. Sanandilole ndimalize. Anati, "Ameneyo asagonenso pakhomo. Akayamba kukomoka, tikhoza kutaya iye ndi mwana yemwe." Mukafika musakhale pabenchi kudikira, muwauze anamwino zizindikiro zitatuzi pakhomo pomwe. Wina akatchula za kalata ya amfumu, funsani mkulu wa chipatalacho. Munthu wodwala chonchi sabwezedwa chifukwa cha pepala.

Tsopano khadi lija. Musalithyole, mungovutika pachabe. Ndinafunsa odziwa, ndipo anandifotokozera motere. M'kati mwa pulasitikiyo muli kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga, kozunguliridwa ndi kawaya kopyapyala. Batire mulibe. Mukaliyandikiza pa kamakina, limakoka mphamvu kuchokera pomwepo, n'kudzuka, n'kutchula nambala yake, zonsezi m'kuphethira kwa diso. Likatalikira pang'ono, kuposa kutalika kwa chala, lagonanso. Ndi nzeru yomweyo ili m'makadi a kubanki ongogunditsa aja, ndi m'makadi otsegulira zitseko m'maofesi ena. Koma mbiri yanu siikhala m'khadi mokha. Khadi lili ngati kiyi, katundu ali m'nyumba, ndipo nyumbayo ndi kompyuta ya kuchipatala. Mukaliponya m'chimbudzi adzakupatsani lina, mudzaligunditsa, ndipo mimba ya Rukiya idzatulukanso pa dzina lanu ili phee.

Za foni ya a Usumani mtima ukhale pansi. Mafoni ena amathadi kumva kuti pafupi pali khadi lotere, koma makadi a zachipatala opangidwa bwino amakhala okhoma, amatsegukira makina a eni ake okha. Komabe, mayi, musalole banja lanu lidalire pa kulephera kwa foni. Apongozi anu anamva ndi makutu awo, ndipo zimenezo sizifuna makina.

Ndikudzudzuleni pang'ono, chifukwa ndikapanda kutero ndikunamizani. Munachita mwa chikondi, ndikuona, ndipo sindikukuweruzani. Koma khadi si chitenje. Buku lakale lija munkabwerekana n'kupulumuka chifukwa anamwino ankafunsa pakamwa, masamba ankathothoka, zolembedwa zinkafufutika. Kamakina sikafunsa, sikayang'ana nkhope, ndipo sikaiwala. Aliyense wogunditsa khadi lanu kwa iko ndi inu. Panopa gulu la magazi a Rukiya, zotsatira za magazi amene anamuyeza, mankhwala amene anam'patsa, zonse zakhala zanu. Tsiku lina mudzabwera chikomokere, osatha kudzilankhulira, ndipo adokotala adzakhulupirira kompyuta. Rukiya naye alibe mbiri pa dzina lake pa nthawi imene akuifunitsitsa. Taonani, chikumbutso choti anayenera kubweranso pakatha sabata ziwiri chinakathera m'makutu mwa inu ndi apongozi anu, mwini wake ali m'nyumba.

Ndinenenso, lamulo loti mtsikana wothawidwa ayambe wakadziulula kubwalo asanaonane ndi azamba ine silindisangalatsa. Analiika kuti abambo aziperekeza akazi awo, cholinga chabwino, koma likubisa atsikana ambiri m'nyumba. Adokotala nawonso akanayamba afunsa ngati mukufuna kuti okuperekezani atuluke. Izi ndikulembera akuluakulu a zaumoyo amene akuwerenga tsamba lino. Inu zisakuchedwetseni.

Rukiya akathandizidwa, pemphani kuonana ndi mkulu wa chipatalacho panokha, chitseko chotseka. Nenani zonse monga mwandiuzira inemu, osakometsera. Akhoza kukukalipirani, landirani, kukalipa sikupha. Pemphani kuti achotse za mimbayo pa dzina lanu, azisamutsire pa khadi la Rukiya, ndipo akulembereni kakalata kodinda koti munthu amene ankayenda sikeloyo sanali inu. Kakalatako mukasunge bwino.

Lumbiro lija. Ine si shehe, ndipo ngati mtima ukukuvutani kafunseni akazi a ashehe mwamseri kuti munthu amatani akaswa lumbiro. Koma ndikuuzeni zimene ndikudziwa. Munalumbira pofuna kuti mwanayu akhale bwino, osati kuti afere m'diresi lanu. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo chinsinsi mukusungachi chatsala ndi miyezi iwiri kapena itatu kuti chilire chokha mudzi wonse ukumva. Muuzeni Rukiya maso ndi maso, musanauze wina aliyense, kuti simungathenso kukhala chete, ndipo kuti simumusiya yekha. Adzalira, mwina adzakutukwanani. Mugwireni dzanja, muzipita.

Kwa amalume musapite awiriwiri ngati akuba ogwidwa. Pezani mayi wamkulu wa kubanja kwanu amene a Sufiyani amamumvera, ayambe iyeyo kukawakhazika pansi. Amalumewo adzakwiya, inde, koma ndi mwini mbumba, ndipo ndaona amalume ambiri okalipa m'mawa akuthamanga ndi njinga madzulo kukaona mdzukulu.

A Usumani musawadikire kuti atsike basi ali ndi mwezi wathunthu wa mkwiyo m'mimba. Aimbireni sabata ino, muwauze nokha, ndipo muvomereze mbali yanu, kuti munabwereketsa khadi osawadziwitsa ndipo munanama pamaso pa amayi awo. Kwa apongozi pitani ndi ankhoswe anu ndi kakalata kaja, mukapepese. Sindikulonjezani kuti onse a pamjigo adzasintha nyimbo, ena miseche ndiye ndiwo zawo. Koma mwamuna amene anakukhulupirirani zaka zonsezi akamva zoona kuchokera kwa inu, asanazimve kwa wina, mpata ulipo waukulu.

Chenjezo langa ndi ili. Muyesedwa kuti mumupatsenso khadi lanu komaliza, kuti angothandizidwa mwakachetechete, zinazo mudzakonze pambuyo. Musayerekeze. Matenda ngati amenewa nthawi zina azamba amachita kubereketsa mayi tsiku lomwelo kuti amupulumutse. Zikatero, mwanayo adzalembedwa kuti wabadwa kwa mwini khadi, ndipo mudzakhala ndi khanda pa dzina lanu limene amuna anu sakulidziwa, Rukiya ali ndi mwana amene chipatala chikuti si wake. Lanu lisiyeni m'nyumba. Mukafika pakhomo la chipatala, mutsogozeni, ndipo akafunsidwa kuti ndi ndani, atchule yekha dzina limene amayi anu anam'patsa.

Aphungu