Chipata cha Kumanzere

Lachiwiri, 4 Malichi

Msonkhano m'kachipinda kopanda zenera kaja. Madandaulo 212 ochokera kwa oyesa gemu, onse nyimbo imodzi: Kazembe amabera. Zaka ziwiri ndikuumba nzeru za mdani ameneyu mu gemu yathu ya nkhondo, lero akuti ndi wakuba. Akuti amaona kupyola chifunga, amadziwa kumene wosewera wabisa asilikali. Bodza lenileni. Kazembe saona chimene azondi ake sanaone. Amangokumbukira basi. Ukadzera pa mlatho katatu, kachinayi ukampeza akukudikira pa mlatho pomwepo. Kubera kwake n'kuti?

Ndawaonetsa umboni pa sikirini, mzere ndi mzere. A Chipewa, bwana wathu wosavula chipewa ngakhale m'nyumba, osayang'anako n'komwe. "Zoona zanuzo sungani. Munthu akagonja katatu, gemu amabweza." Khofi wozizira. Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndadzera kwa achimwene kukaona bambo. Chiwagwirereni sitiroko, dzanja lamanja lili lende, mawu olemera, ndipo nyumba yonse inasanduka ya eya. Akanena kuti kukuzizira, eya bambo. Kukutentha, eya bambo. Achimwene ankagonja dala pa drafuti mpaka bambo anataya bolodi kuseri kwa kabati.

Kampani imalola kupatsa achibale gemu yoyesera. Ndinawaikira bambo pa laputopu yanga yakale kuti azingotayirapo nthawi. Pano agonja ka 61. Mausi ku dzanja lamanzere, kakope pambali, zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani: tsiku, njira imene adzera, pamene awaphera. Alamu akuti masiku ano amasamba m'mamawa osawakakamiza, kuthamangira patebulo.

Anandilozera sikirini ndi chibwano. "Mnzanga uyu alibe ulemu. Ndimamukonda."

Lachisanu, 7 Malichi

Lamulo latuluka. Wosewera akagonja kawiri motsatizana, Kazembe aziiwala chipata cha kumanzere. Azichotsapo alonda ngati wamva phokoso kwina, munthu alowe, apambane, adzione ngati dolo. Chofunika, zizioneka ngati kulakwitsa kwenikweni. Pa pepala alemba kuti "chifundo". Chifundo!

Ndakana. A Chipewa andikumbutsa, mokoma kwambiri, kuti kontirakiti yanga ikutha mu Meyi, ndipo mnzathu wamahedifoni wa desiki ya pakona angalembe zimenezi masana amodzi. Sananame. Mankhwala a bambo sagulidwa ndi ulemu wa Kazembe. Ndavomera. Ndadzida njira yonse, m'basi mpaka pakhomo.

Lamulungu, 9 Malichi

Mphindi 50. Bambo alimba mphindi 50, mlatho alanda.

Chimene achita: adzera dala pa mlatho magemu atatu, kugonja akudziwa, kachinayi n'kudzera m'dambo. Kazembe anadikira pa mlatho mphindi zisanu ndi imodzi ngati chitsiru. Oyesa gemu athu onse aja, ndi manja awo awiriawiri, palibe anaganizako zomunamiza. Amangolemba madandaulo. Wamupusitsa ndi mphunzitsi wopuma wa dzanja limodzi.

Pamapeto agonjabe, akavalo anachedwa. Koma kuseka kwake, mbali imodzi ya pakamwa, mpaka kutsokomola. "Undipatse masabata atatu, mayi. Ameneyu ndimugwetsa ndekha."

Ndinati chabwino. Za Lachisanu sindinanene. Mantha, palibenso dzina lina.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndalemba. Mizere 40 ya pulogalamu. Zaka ziwiri, mizere 40.

Kupusitsa chinthu chanzeru si masewera. Poyamba alonda ankachoka pachipata onse pamodzi, ngakhale mwana akanazindikira. Ndawachotsa mmodzimmodzi, ndaikapo kalipenga kolira chakum'mawa kuti pakhale chifukwa. Zatuluka bwino. Chondinyansa n'chakuti zatuluka bwino kwambiri. Oyesa gemu akuwombana m'manja m'chipinda chawo, wina akufuula kuti wamuonetsa.

Ndapita kwa mayi woyang'anira maseva, makompyuta amene gemu imadalira, kukapempha kuti laputopu imodzi yokha itsale ndi Kazembe wakale. Sizitheka. Gemu ikangotsegulidwa imadzikonza yokha, ndipo popanda intaneti siyaka. Anandiyang'ana ngati ndapempha mwezi. Kenako anandipatsa bisiketi.

Masabata atatu a bambo akutha pa 30. Zatsopanozi zikutuluka pa 21.

Lachiwiri, 25 Malichi

Madandaulo atsala 9. Keke mu ofesi. A Chipewa anditchula pagulu, akuti ndine chitsanzo cha munthu womvera makasitomala. Kontirakiti aiwonjezera chaka. Kekeyo ndadya, ndisaname, zidutswa ziwiri.

Kwa achimwene sindinapondeko kuyambira pa 9. Ndimati ntchito yachuluka. Alamu aimba kawiri, foni ndangoiyang'ana mpaka yasiya yokha.

Mwina bambo sazindikira. Anthu 212 sanazindikire.

Loweruka, 29 Malichi

Ndapita.

Laputopu pamwamba pa kabati, yotseka, chingwe chokulungidwa bwinobwino. Bambo pampando wa pazenera, dzuwa lili pamutu, akadali m'zovala zogonera. Ndevu za sabata yathunthu.

Alamu anandikokera kukhitchini. Akuti bambo anapambana Loweruka lapitalo. Nyumba yonse kuwomba m'manja, achimwene mpaka kujambula sikirini pa foni. Bambo osaseka. Anayambanso gemu, n'kugonja dala kawiri, osasuntha msilikali ndi mmodzi yemwe. Kachitatu anatumiza asilikali khumi okha kuchipata cha kumanzere. Lipenga linalira, alonda anachoka. Anabwerezanso mawa lake. Chimodzimodzi. Analemba m'kakope, n'kutseka laputopu. Chitsekereni sanaikhudzenso, ndipo kusamba ayambiranso kukakamizidwa.

Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo.  Kenako bambo anafunsa pang'onopang'ono, kuti mawu atuluke oongoka: "Unamuuza ndiwe mnzanga uja kuti ndimadwala?"

Ndinati ayi bambo, si za inu nokha, ndi za aliyense, analamula ndi abwana. Anafunsa kuti analemba ndani. Ndinati ine.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anauza alamu atsitse laputopu, anaikankhira kwa ine ndi dzanja lamanzere. "Tenga, mayi. Ndinali pafupi kumugwetsa."

Ili patebulo panga pano. Uthenga wa a Chipewa walowa ndili m'basi: ena ayamba kuzindikira za kumanzere, ndiye Lolemba ndiyambe chipata cha kumanja. Ndalemba kuti chabwino bwana. Sindinatumize. Chala chili pa batani lotumizira.